Pamene Unagwera Mchombo wa Tikondwe

Sellina anagona tulo masana, mlandu wake wonse n'kukhala womwewo. Sanabe cha munthu, sanatukwane wina, sanayende ndi mwamuna wa mwini. Linali tsiku lachisanu ndi chimodzi ali m'chikuta ndi khanda lake lachimuna. Anangotsamira khoma, mwana ali pamiyendo, kadzuwa kosatentha ka ku Tsangano kakulowa pazenera, maso n'kudzitsekera okha. Podzidzimuka anapeza mchombo wouma uja wathothoka. Unali utagwera pamalo pomwe anamuuza kuti usadzayerekeze kugwera, pa umuna wa mwanayo.

Amene anamuuza ndi apongozi ake, mayi Aida, tsiku lomwe anafika kuchokera kuchipatala. Mayi Aida sanali nkhalamba yoothera dzuwa pakhonde ayi. Anali mayi wa foni m'bulauzi, wogula kachewere m'minda ya anzawo n'kumagulitsa kwa a malole, wa Mvano wosajomba Lachinayi, ndipo pamudzipo mwana akabadwa woyamba kuitanidwa kukalangiza anali iwo. Mwana wamwamuna anabereka mmodzi yekha, Dyton, mwamuna wa Sellina. Ndiye mdzukulu uyu, wobwera pambuyo pa atsikana awiri, anamulandira ndi nthungululu zomveka mpaka tsidya la Mozambique.

"Nabanda, mundimvetse bwino," anatero tsiku limenelo, akumuitana Sellina ndi mfunda wake monga ankachitira nthawi zonse. "Uyu ndi mwamuna. Muzimugoneka chammbali, mchombowo muziuyang'anira ngati mkaka uli pamoto. Ukagwera apo, mwamupha ali moyo. Adzakula, adzamera ndevu, adzakwatira, koma ana m'nyumba mwake mudzakhala mulibe. Anthu azidzati adagwa m'papaya, chikhalirecho anamugwetsa ndi amake."

Masiku asanu mayi Aida analondera mchombowo okha. Lachisanu ndi chimodzi kunafika lole yofuna kachewere, n'kuthamangira kumsika.

Sellina anautola mchombowo ndi zala ziwiri n'kuuika pansalu kumbali ya mwana. Anayang'ana kuchitseko, anayang'ana kuzenera. Panalibe amene anaona. Apongozi atafika, asanavule n'komwe juzi, maso awo anagwera pamimba pa khanda.

"Wagwa! Wagwera pati?"

"Pambali, amayi. Pansalupa."

Mayi Aida analulutira, n'kuunyamula mchombowo kukaukwirira kuseri kwa nyumba. Tsiku lomwelo anamumeta mwanayo tsitsi, kumutulutsa panja, kumupatsa dzina lakuti Tikondwe. Anthu anakondwadi. Sellina anaseka nawo, mano okha.

Musamuweruze msanga mayiyu. Kwawo kunali ku Bwanje, kuchigwa kotentha kwa alimi a mpunga, ndipo kuphiri kuno anabwera chitengwa. Zaka zisanu ndi zinayi zinali zitatha, koma ankatchedwabe wa kuchigwa. Akatenthetsa madzi osamba, ati wa kuchigwa amaopa chisanu. Mzere wa kachewere ukapindika, ati m'madimba a mpunga mulibe mizere. Zimenezo ankazimeza, zinali zoseka. Koma kuti zimveke zoti wa kuchigwa uja anagona tulo dzuwa lili pamutu n'kudula mbewu ya banja lonse, imeneyo sikanakhala nkhani yoseka. Anadziuza kuti mwina unangokhudza pang'ono, mwina mwambowo umagwira ena, ena n'kuwaphonya. Anaganiza zongodikira aone.

Sanadikire nthawi yaitali. Kwawo analera ana aamuna a achemwali ake, ankadziwa mmene kamnyamata kamakodzera. Ukakamasula thewera kamaponya mkodzo m'mwamba, usanaphethire wanyowa kumaso, azimayi n'kumaseka kuti apa pali mwamuna. Tikondwe sankatero. Ankayamba wakwinya nkhope, kufiira, kubuula ngati munthu wonyamula thumba la fetereza, kenaka timadontho, tiwiri, titatu, kuima, kuyambanso. Thewera lake silinkanyowa kamodzi n'kutha. Linkangokhala lachinyezi tsiku lonse.

Sellina ataona zimenezo mtima unagwa. Sanaganize za matenda ngakhale pang'ono. Akanaganiza bwanji, poti yankho anali atapatsidwa kale funso lisanabwere? Mchombo unagwera apo, ndipo apo pafa. Chotsala chinali kubisa.

Anabisa mwaluso, wa kuchigwa ameneyu. Thewera ankasinthira m'nyumba, chitseko chotseka, ati mwana angalowe mphepo, ndipo ku Tsangano palibe angatsutse zimenezo. Alinafe, mwana wake woyamba, akati athandize kusambitsa mlongo wake, ankamutuma kukatunga madzi ndowa zili zodzadza. Tsiku lina azimayi akusankha mbewu ya kachewere pakhonde, mmodzi anafunsa moseka ngati kamwamunako kanayamba kusambitsa amake kumaso. Sellina anati ayi ndithu, kakuchita manyazi. Mawa lake analowa m'nyumba, kutenga kapu, kudzithira madzi pabulauzi ndi pachibwano, n'kutuluka akukuwa.

"Taonani zimene wandichita mwana wanuyu, amayi!"

Mayi Aida anaseka mpaka kutsokomola. "Ngati bambo ake! Dyton anakodzera abusa pa ubatizo, anthu ali pomwepo." Nkhaniyo anaifotokozera aliyense wodutsa, ndi a malole omwe.

Kusikelo kunali kovutirapo. Alangizi a zaumoyo ankamupachika Tikondwe pasikelo pansi pa mtengo, kuyang'ana khadi, kuyang'ana mwana, n'kugwedeza mutu.

"Mayi, mzerewu sukukwera. Akuyamwa?"

"Akuyamwa."

"Akusanza? Akutsekula m'mimba? Akukodza bwinobwino?"

Kumbuyo kwake kunali mzere wa azimayi a m'mudzi momwemo, makutu ali tcheru monga amakhalira azimayi a pamzere.

"Akukodza bwinobwino," anatero Sellina.

Anamuuza kuti azidya zakasinthasintha kuti mkaka uchuluke. Anavomera, n'kubereka mwana wake.

Osati anangokhala manja lende. Tsiku la msika anazemba kupita kwa bambo wina woyala mizu pathumba kuseri kwa ogulitsa matayala a njinga, n'kunong'oneza kuti akufuna gondolosi, muzu uja amatafuna amuna ofooka. Bamboyo anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Abambo kunyumba batire yatha? Musadandaule mayi, uwu ngwa ku Angonia. Mawa mudzabwera kudzandithokoza, ngati mudzathe kuyenda."

Sellina anaseka mmene anayenera kusekera. Kunyumba anaunyika muzuwo m'madzi, n'kumamusambitsa nawo Tikondwe kuchokera m'chiuno kutsika, ndipo kawiri katatu anamudonthezera pakamwa. Mwana wa miyezi iwiri, mankhwala a madoda. Zikanakhala za munthu wina akanaseka nazo mpaka kugwa.

Mwezi wachitatu thupi la Tikondwe linatentha. Kuchipatala chaching'ono anamubaya chala, malungo sanapezeke, anamupatsa mankhwala a m'botolo, thupi n'kuzizira. Mwezi wachisanu linatenthanso. Miyendo inali kuonda, koma mimba inali kukula, ndipo pansi pa mchombo panali chinthu cholimba chimene Sellina ankachimva akamusambitsa, ngati kachewere wamkulu wakwiririka m'kati. Mimbayo sakanaibisa. Mayi Aida anaiona tsiku lina mwana akulira pamphasa, n'kuigwira. Kenaka anatumiza Alinafe kukaitana bambo ake kumunda.

Dyton anali munthu wa mawu ochepa, wa manja aakulu osweka ndi chisanu. Kawirikawiri ankawoloka malire panjinga yamoto kukagula fetereza ndi mankhwala opopera, n'kubwerako tsiku lomwelo kapena mawa lake. Anafika matope ali m'mapazi, n'kukhala pansi pamaso pa amake.

"Iwe Dyton, mwanayu wamusempha," anatero mayi Aida osazungulira. "Mimba iyi ndi tsempho. Mkazi wako ali ndi khanda, iwe ukukagona ndi ndani kutsidyako?"

"Amayi, ine?"

"Nanga ine? Fetereza wake uti wogula mpaka kugona komweko?"

Dyton analumbira. Anatchula Mulungu, anatchula manda a bambo ake. Amake sanamve. Anakatenga mankhwala a tsempho kwa mnzawo, kumwetsa mwana, kumukakamiza Dyton kuti amwe nawo, ndipo pofika Lamlungu mpingo wonse unali utadziwa kuti mwana wa mayi Aida ali ndi mkazi ku Mozambique. Ena mpaka ankadziwa dzina la mkaziyo.

Tsiku lina akupalira awiriwiri ndi Sellina, Dyton anaimika khasu.

"Make Alinafe, inunso mukundiganizira zimenezi?"

Apa mpamene Sellina akananena. Panalibe wina, kunali iwo awiri ndi mizere ya kachewere basi. Anayang'ana mwamuna wake, munthu amene sanamumenyepo, amene anagula mbuzi tsiku lobadwa Tikondwe, n'kuganiza mmene nkhope imeneyo isinthire akamva kuti mwana wake yekhayo wamwamuna sadzakhala mwamuna.

"Ine ndinene chiyani, bambo a Alinafe?" anatero, n'kuwerama kupitiriza kupalira.

Chimenechi ndicho chinamuwawa kuposa zonse m'miyezi imeneyo. Anamusiya munthu wosalakwa asenze mlandu wake, ndipo ankadziwa bwino lomwe chimene akuchita.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri, nthawi yokumba kachewere, Tikondwe anakana bere. Anasanza m'mawa, anasanzanso masana. Sellina atamasula thewera anapeza louma. Mawa lake linali loumabe. Anali naye kumunda, atamugoneka pachitenje pamthunzi wa matumba, pamene anaona timanja tikugwedezeka, maso atatembenuka. Kukuwa kwake kunaimitsa anthu m'minda itatu.

Dyton anawakweza panjinga yamoto, Sellina pakati ndi mwana, mayi Aida kumbuyo. Kuchipatala chaching'ono sanawachedwetse, anaitana ambulansi. Msewu wochoka ku Tsangano aliyense amaudziwa, sufuna munthu wodwala. Anafika kuchipatala cha paboma dzuwa litapendeka.

Kumeneko dokotala anagwira mimba ya mwanayo kamodzi kokha, n'kuitanitsa kapaipi kopyapyala. Anakalowetsa kunjira ya mkodzo, mwana akulira mopanda mphamvu. Mkodzo unayamba kutsikira m'thumba la pulasitiki, woderako, wa mafinya, wonunkha. Unatsika, unatsikabe. Sellina sanakhulupirire kuti zonsezo zinali m'kamimba kameneko. Chotupa cholimba chija chinaphwa iye akuona.

"Mwanayu akamakodza, mkodzo umathamanga kapena umangodontha?" anafunsa dokotalayo.

Mayi Aida anayankha Sellina asanatsegule pakamwa. "Umathamanga, adokotala! Amake anawanyowetsapo kumaso ine ndikuona."

Dokotala anayang'ana Sellina. Sellina anayang'ana pansi, n'kugwedeza mutu kuvomera. Ngakhale pamenepo, mwana ali pakati pa moyo ndi imfa, anavomera bodza lake.

Patapita masiku awiri anawatumiza kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Dyton anabwerera kumudzi kukasamala atsikana ndi kachewere amene anali atakumbidwa kale. Mayi Aida anasiya malonda awo, anamanga mapoto ndi ufa m'chitenje, n'kupita nawo kuti azikaphika kumalo a odikirira odwala. Tinene zoona, mdzukulu wawo ankamukonda.

Ku Blantyre mwanayo anamutenga magazi, anamujambula m'mimba ndi makina. Tsiku lachitatu m'mawa dokotala wa ana, mayi wachitsikana wovala magalasi, anamuitanira Sellina m'kachipinda. Mayi Aida anali kophika phala. Dokotalayo anatseka chitseko, anakoka mpando n'kukhala pafupi, osati kuseri kwa tebulo.

"Mayi a Tikondwe, zimene mwatiuza ndi zimene tikuona sizikugwirizana. Chikhodzodzo cha mwanayu chakhuthala ngati cha munthu amene wakhala akukankha mkodzo movutika kuyambira kalekale. Muno tili awiri. Ndiuzeni, munamuonapo akukodza mkodzo wothamanga?"

Sellina anayang'ana chitseko chotsekacho.

"Ayi."

"Ngakhale kamodzi?"

"Chibadwire."

Zotsalazo zinatuluka zokha. Ananena za tulo, za mchombo, za kapu ya madzi, za gondolosi, za mwamuna wake. Analira mpaka mamina. Pomaliza anati, "Ndinamupha ndine, adokotala. Ndinagona."

Dokotalayo anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi chala. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anatenga pepala, anajambula impso ziwiri, chikhodzodzo, ndi kanjira kotulukira mkodzo. M'kanjirako analemba kamzere kopingasa.

"Apa pali kanembanemba kotchinga njira. Ana ena aamuna amabadwa nako. Kanapangika ali m'mimba mwanu, miyezi yambiri mchombo usanagwe. Ukanagwera pansalu, ukanagwera padenga, kakanakhalapobe. Za kubereka sizikukhudzana ndi mchombo ngakhale pang'ono. Mkodzo ukalephera kutuluka umabwerera m'mbuyo, n'kumakankha impso usana ndi usiku. Kanembanembako tikachotsa sabata ino, si ntchito yaikulu."

"Ndiye achira?"

Dokotala anavalanso magalasi.

"Njira titsegula. Impso sitingazibweze. Yakumanzere yasiya kugwira ntchito. Yakumanja yatsala pang'ono, ndipo ndi imeneyo imene akhale nayo. Tiisamala ndi mankhwala, muzibwera naye kuno kawirikawiri. Koma mwana akamakula, thupi limafuna zambiri kuposa zimene impso imeneyi ingathe. Mwina zaka zisanu, mwina kupitirirapo. Sindikufuna kukunamizani."

Sellina anafunsa funso limene dokotala ankaliyembekezera.

"Ndikanabwera naye mwezi woyamba?"

"Zina zinaonongeka asanabadwe, zimenezo si za inu. Sindinganene kuti akanakhala bwinobwino. Koma miyezi isanu ndi iwiri ndi yambiri, mayi. Ndi matenda aja ankamutenthetsa thupi, ndi mankhwala aja ankamwa. Tikanapulumutsa yochulukirapo."

Sellina anatuluka, anakayang'ana mwana. Anali m'tulo, kapaipi kali m'malo mwake, nkhope itasalala koyamba chibadwire chifukwa sankafunikanso kubuula. Anatenga nsalu zakuda kupita kumipopi ya kuseri kwa wodi. Dzuwa linali pamutu, azimayi ena akuchapa, ena akuyanika pa udzu. Anatsegula madzi n'kungoima, sopo ali m'manja.

Mayi Aida anamupeza pomwepo, atanyamula kapoto ka phala.

"Nabanda, ndakufunani kuwodi. Akuti chiyani adokotala?"

Sellina anatseka mpopi. Mantha aja anali atatha. Anali atawasenza miyezi isanu ndi iwiri, ndipo tsopano panalibenso choti awasungire.

"Amayi, khalani pansi. Bambo a Alinafe sanamusemphe mwanayu. Mlandu ndi wanga. Tsiku lija munapita kumsika ndinagona tulo. Mchombo sunagwere pansalu. Unagwera pa umuna wake. Chibadwire sanakodzepo bwino, amangodontheza. Ndinkaona ngati n'chifukwa cha mchombowo, ndiye ndinabisa. Madzi aja pabulauzi ndinadzithira ndekha."

Anadikira kukuwa. Anadikira kuti atchedwe wa kuchigwa, mfiti, chitsiru. Anali wokonzeka, mwinanso ankazifuna.

Mayi Aida anaika kapoto pansi, n'kukhala pa simenti yonyowayo. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anamugwira Sellina dzanja, chinthu chimene sanachitepo zaka zisanu ndi zinayi.

"Mwana wanga, n'zimenezo mwaonda nazo chonchi? Ha! Mukanandiuza." Anatsitsa mawu. "Tamverani, izi sindinauzepo munthu. Wa Dyton unagweranso pomwepo."

Sellina sanamve bwino. "Mwati bwanji?"

"Pomwepo ndithu. Ndinkamusambitsa, n'kungoti tho, pomwepo. Apongozi anga anali panja. Ndinautola msangamsanga n'kunena kuti wagwera m'beseni. Ndinakhala ndi mantha mpaka tsiku limene munatenga mimba ya Alinafe. Si uyu wabereka ana atatu? Ndiye musadandaule, Nabanda. Tikondwe adzabereka. Zimene zija sizichitika."

Ankamwetulira. Ankaona ngati amupatsa mpongozi wawo mphatso.

Sellina anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono.

"Alinafe ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, amayi."

"Eya."

"Ndiye zaka zonsezi munkadziwa kuti sizichitika."

"Kudziwa kwake, eya, ndinaona ndekha."

"Nanga tsiku lija munkandiuziranji kuti ndikamupha ali moyo?"

Mayi Aida anadabwa ndi funsolo, kudabwa kwenikweni, kopanda chinyengo.

"Nanga pachikuta timanena chiyani? Ndi mmene timalangizira. Inenso anandiuza choncho. Ndikanati sizichitika, anthu akanandifunsa kuti ndadziwa bwanji."

Mpopi wa pambali unali kuthira m'ndowa ya mayi wina, ndowa inadzadza, madzi n'kumasefukira pansi. Sellina anamva mkwiyo umene sanaumvepo chibadwire, wozizira, wopanda misozi. Anaganiza za makanda onse a pamudzi paja amene mayi ameneyu anawalangizira amawo, chaka ndi chaka, mawu omwewo, nkhope ili gwa. Anafuna kuwamenya ndi kapoto ka phalako. Koma akanamenya ndani? Mayi amene anakhala pansiyo anachita zomwe iye anachita, kutola ndi zala ziwiri n'kunama. Kusiyana kwake kunali kwakuti mwana wa mayi Aida anabadwa ndi njira yotseguka.

"Tsono adokotala akuti chiyani?" anafunsanso mayi Aida. "Akachita opaleshoniyo, basi achira? Ndimuimbire Dyton, ndimupepese, mwana wanga ndinamunamizira. Ndimuuze kuti tibwera liti?"

"Muimbireni," anatero Sellina. "Mumuuze kuti njira atsegula sabata ino. Mumuuze kuti impso imodzi yafa, inayo yatsala pang'ono."

"Pang'ono bwanji?"

"Akuti mwina zaka zisanu."

"Zaka zisanu kuti achire?"

Sellina anawayang'ana m'maso apongozi ake, koyamba chikwatiwire.

"Ayi, amayi. Zaka zisanu basi. Za kubereka zija musavutike nazo, sadzafikako."

Anatsegula mpopi n'kuyamba kuchapa. Mayi Aida anakhala pomwepo pa simenti, foni ili m'manja, osaimba.